Kachipewa ka Petulo

Wokondedwa mwana wanga Tiyamike,

Ndikulemba kalatayi masana ano pakhonde, iwe utapita ku Mtakataka kukatsanzika azakhali ako. Abambo ako ali kusikimu ya mpunga, akuti akukatsegula madzi, koma ine ndikudziwa kuti angothawa kuona chikwama chako chimene chili chiimire pabalaza. Kuyambira Lolemba sakudya bwino, ukawafunsa akuti ndiwo zachepa mchere. Ine ndiye sindibisa, mtima ukundipweteka, ndipo ndayamba kukusowa usananyamuke n'komwe. Mawa tikakukweza minibasi pa Golomoti, ukagona ku Lilongwe, kenako basi yaikulu ya ku Joni, mpaka ukafike ku Kepitawuni kumene kuli amuna ako a Lameki. Ndayesa kuwerenga masiku a ulendowo pa zala, ndipo ndaona kuti ndi kutali koti mayi sangamange chitenje n'kuthamangirako akamva kuti mwana wake wadwala.

Kalatayi ndiisokerera pakamwa pa thumba la mpunga limene ndakulongedzera, kuti ukaipeze utafika. Ndikanatha kukuuza pamaso, koma ukudziwa mmene timachitira iwe ndi ine. Ndikangoyamba chiganizo iwe wachimaliza kale, ndipo tisanafike pa mutu wa nkhani takangana za mtsuko uja unaswa uli mu Sitandade 5. Papepala sungandidule pakamwa. Za kusamala banja ndi kulemekeza apongozi anakuuza kale alangizi a kutchalitchi pa ukwati wako, sindibwerezanso. Nkhani yanga ndi imodzi yokha, ndipo ndi ya chimfine. Usaseke, Tiyamike, werenga mpaka kumapeto.

Lamulungu lapitali titachoka ku Misa tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikusankha timiyala mu mpunga wakowu. Unandiwerengera uthenga wa pafoni wochokera kwa alamu ako a Enelesi. Amati ukakayamba sikelo kumeneko akakuuza zobayitsa katemera wa chimfine chachikulu chija amachitcha fuluwenza, chifukwa ukufika nyengo yachisanu itayandikira. Unaseka mpaka lichero linatsala pang'ono kugwa. Unati, "Katemera wa chimfine? Koma anthu akunja alibe zochita eti! Ine asakandiyerekeze, muli munthu m'mimbamu. Si inu amayi munkatiuza kuti chimfine sachigonera, amachigwirira khasu?" Ndinaseka nawe, koma kwa pakamwa pokha. Mawu amene unanenawo ndi anga, ndinakudyetsa ndine pamodzi ndi phala, ndipo tsopano ukupita nawo kunja uli ndi pakati pa miyezi inayi.

Lolemba ndinakunamiza kuti ndikupita ku Mua kukalapa. Kulapako ndinalapadi, koma osati kwa ansembe. Ndinapalasa njinga ya abambo ako mpaka kwa a Nangondo, anesi aja anapuma pantchito, amene ankakupatsa magwafa ukamadutsa pakhomo pawo. Iwe umangowadziwa ngati agogo ochezeka. Sudziwa kuti ndi iwo amene anandigwira dzanja pa tsiku limene ndikufuna ndikuuzeli.

Takhala tikukutchula kuti wachisamba, koma sindiwe woyamba kutuluka m'mimba mwanga. Zaka ziwiri usanabadwe, sikimu ikadali yatsopano, ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri pamene mpunga unacha. Ukudziwa mmene mwezi wa Juni umakhalira kwathu kuno. Mwera umaomba osapuma, mpheta zimagwera m'munda, aliyense amathamangira kumweta mpunga usanayoyoke. Timamweta, kupuntha, kupeta, ndipo mankhusu amalowa m'mphuno, m'maso ndi m'tsitsi momwe. Sikimu yonse imatsokomola. Ndiye chifuwa chilichonse cha mwezi umenewo tinachipatsa dzina limodzi, chimfine cha mpunga, ndipo mkazi wogona chifukwa cha chimfine cha mpunga amamunena kuchitsime mpaka mvula kugwa.

Chaka chimenecho tinkathandizana amayi asanu ndi mmodzi, lero puloti ya uyu, mawa ya uyo. Tinamanga kamsasa kamodzi pafupi ndi ngalande, tonse tinkapumira momwemo, ndipo chikho chimodzi cha thobwa chinkatizungulira tonse. Tsiku lina mnzathu wina anabwera akuyetsemula, maso ali psuu, akuti ana ake onse ali gone kunyumba. Tinamuseka kuti mpunga wamulonjera. Patapita masiku awiri ine ndinadzuka bwinobwino, ndinapeta mpaka dzuwa pamutu, kenako chinangondigwira mwadzidzidzi ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Mutu unkachita ngati ung'ambika, mafupa onse kuphwanya, miyendo kukana kuyenda. Sichinali chimfine chija cha mamina chimene munthu amapita nacho kumsika. Thupi langa linkadziwa zimenezo, koma mutu wangawu unali wouma kuyambira kale.

Kutacha abambo ako anandigwira pachipumi nati, "A Naphiri, tagonani lero. Mpunga suthawa."

Ine ndinawayankha mwaukali kuti, "Ndigone chifukwa cha chimfine? Anzanga anandimwetera puloti yanga dzana. Lero ndi tsiku la kwa a Nabanda, ndiye ine ndifunde bulangete? Adzati ndadya thukuta lawo n'kubisala kumbuyo kwa mimba."

Ndinamanga chitenje, ndinatenga chikwakwa, ndinapita. Ndinachita zimenezo masiku atatu. Ndinkawerama dziko likuzungulira, ndikaweramuka ndinkaona mdima, koma ndinkanyadira anzanga akamati, "Koma Naphiri ndi mkazi, mimba yonseyi akumweta ngati mtsikana." Chimenechi ndicho cholakwa changa choyamba, mwana wanga. Ndinaopa pakamwa pa anthu kuposa matenda, ndipo ndinatcha matenda aakulu dzina la fumbi.

Lolemba lija ndinawafunsa a Nangondo za fumbi limeneli. Anati, "Naphiri, fumbi la mpunga limakanda pakhosi, ukasamba n'kumwa madzi latha. Silitenthetsa thupi, siliphwanya mafupa. Fuluwenza ndi kachilombo. Kamachoka mwa munthu kulowa mwa mnzake poyetsemula, potsokomola, ndi pamanja. Mphepo yozizira sibereka kachilombo. Nthawi yozizira timaunjikana malo amodzi titatseka zitseko ndi mawindo, ndiye kamapeza njira yapafupi." Ndinakumbukira kamsasa kaja ndi chikho cha thobwa, ndipo ndinachita manyazi ngati zachitika dzulo.

Kumene ukupitako kulibe mankhusu, koma anthu sasowa chonamizira. Akakuuza kuti ndi mphepo ya kunyanja ya mchere, kapena kuti unatuluka panja osavala juzi. Juziyo uzivala ndithu, ndakuikira awiri, wina ndi wanga wobiriwira uja unkandibera. Koma dziwa kuti juzi satchinga kachilombo. Uzisamba m'manja ukachoka mubasi ndi m'masitolo, munthu akamayetsemula uzimutalikira ngakhale akhale wa kwathu kuno, ndipo chikakugwira chotentha thupi ndi kuphwanya mafupa, usachitche kachimfine. Ugone, Tiyamike. Ukadzapeza ntchito, abwana akakwiye, mbale zikhale zosatsuka, a Lameki aphike okha, iwe ugone.

Cholakwa changa chachiwiri chinali mankhwala. Tsiku lachinayi ndinalephera kudzuka, ndiye tinati ndi malungo, pakuti kwathu kuno thupi likangotentha ndi malungo basi. Abambo ako anathamangira kugolosale pa Golomoti, anabwerako ndi mapiritsi a malungo ndi makapisozi aja a mitundu iwiri, atakulungidwa m'kapepala. Malemu agogo ako anandifunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugamu mpaka ndinatuluka thukuta ngati ng'ombe yangolo. Mphuno zinatseguka pang'ono, tonse tinati basi zatheka. Tinataya masiku ena awiri tikudikira kuti mankhwala agwire ntchito, pamene matenda anali kutsikira m'chifuwa.

A Nangondo akuti makapisozi alibe mphamvu pa kachilombo ka fuluwenza. Amapha tizilombo tamtundu wina, ndipo adokotala amawapereka akaona kuti pamwamba pa fuluwenzayo pabwera matenda ena ofuna mankhwala amenewo. Mmene ananenera iwo, kumwa makapisozi pa fuluwenza kuli ngati kuthira mankhwala a anankafumbwe pofuna kupha makoswe. Ndiye ndikuuziretu, ndaona kapaketi ka makapisozi kamene unabisa m'thumba la m'mbali mwa chikwama, ndipo ndakachotsa. Ukwiye uli konko. Thupi likakatentha, upite kuchipatala tsiku lomwelo. Ukawauze kuti ndiwe woyembekezera, ukawauzenso kuti wachokera kudera la udzudzu kuti akakuyeze malungo, asakangoganizira ngati mmene tinachitira ife. A Nangondo akuti alipo mankhwala enieni a fuluwenza, koma amathandiza bwino munthu akafika msanga.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa kupuma kunayamba kundivuta, ndipo msana unayamba kudula mwanjira imene mkazi aliyense amaizindikira ngakhale ndi ulendo woyamba. Ananditengera pa ngolo mpaka pamsewu, kenako pa galimoto ya matola mpaka kuchipatala. Amene anatilandira ndi a Nangondo, nthawi imeneyo ali mtsikana wowonda wa kapu yoyera. Anandigwira pamkono nandifunsa, "Mayi, mwakhala masiku angati muli chonchi?" Abambo ako atayankha, a Nangondo anangowayang'ana, kenako anandiyang'ana ine, n'kuitana anzawo kuti abweretse machira.

Mwana anabadwa masana a tsiku lomwelo. Anali wamwamuna, Tiyamike, mlongo wako. Anali wochepa moti akanakwana m'manja awiri a abambo ako, ndipo kulira kwake kunali kwapansipansi ngati kwa kamwana ka mphaka. M'miyezi yonse ya pakati paja ndinali nditaluka kachipewa ka ulusi wachikasu, mmene masisitere anatiphunzitsira tili atsikana, ndipo agogo ako anali atakaponya m'kathumba pothamanga paja. A Nangondo anayesa kumuveka kuti asazizidwe. Kanamukulira, kanatsika mpaka kuphimba nkhope yonse. Anakachotsa, anandibwezera m'manja, n'kumukulunga kumutu ndi kansalu. Atawona kuti mwana akufooka ndipo ansembe anali kutali kumidzi, anamubatiza okha ndi madzi a m'kapu. Popeza inali sabata ya chikondwerero cha Petulo ndi Paulo oyera, anamutcha Petulo. Ine ndinali pa diripi ndi chibayo, ndipo ndinamunyamula kawiri kokha, nditatseka pakamwa ndi nsalu. Anakhala nafe masiku atatu.

Anakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, monga mwambo wathu umanenera za khanda lotere. Anandiuza kuti ndisalire, ati ndikalira m'mimba mutsekeka. Abambo ako sanaloledwe kuperekeza. Ine anandilozera malowo nditachira, m'mphepete mwa manda pafupi ndi mlambe uja timadutsa popita kuchigayo. Palibe mtanda, palibe mwala. Iwe wadutsapo kambirimbiri utasenza chimanga, ndipo unkadabwa chifukwa chimene ndimakhalira chete tikafika pamenepo, ine munthu wolongolola.

Cholakwa changa chachitatu ndi chimene chandivuta kwambiri kulemba. Tsiku lotuluka m'chipatala a Nangondo anandiperekeza mpaka pachipata, nandiuza kuti, "Naphiri, chimene chinakugwira si chimfine wamba. Matenda amenewa amamugwetsa kwambiri munthu woyembekezera, ndipo amatha kuchititsa mwana kubadwa masiku asanakwane. Ukadzaimanso, thupi likangotentha udzathamangire kuno." Ndinamva, koma ndinatseka makutu. Ndikanavomera kuti chimfine chingachite zotero, ndiye kuti ndikanavomeranso kuti ine amene ndinatenga chikwakwa ndili ndi mbali yanga. Ndinasankha zosavuta. Ndinayamba kunena kuti wina wandilodza chifukwa cha nsanje ya puloti yanga imene ili kumutu kwa ngalande. Ndinaloza chala a Nabanda, pakuti ndi m'munda mwawo mmene ndinakamweta nditayamba kudwala. Mayi uja sanandilakwire kanthu. Anabwera kudzandipepesa ndi nkhuku, ine ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinasiya kuwapatsa moni zaka zambiri, ndipo anamwalira ndisanawapepese.

Kuchokera pamenepo ndinakhala ine wokuwa kwambiri m'mudzi muno kuti chimfine si matenda. Ndinkafuna ndizimve ndekha kuti ndikhulupirire. Ukukumbukira tsiku lija ndinakuthamangitsira kusukulu ndi tsache thupi lako likutentha, aphunzitsi n'kukubweza ukunjenjemera? Unkaona ngati ndine mayi wolimba mtima. Ndinali mayi wamantha. Sindikunena kuti ndikanagona tsiku loyamba Petulo akanakhala moyo, zimenezo ngakhale a Nangondo akuti sangalumbire. Koma ndikudziwa kuti masiku amene ndinamumana anali ake, ndipo ndinawapereka kwa mpunga.

Cholakwa chachinayi ndiye unachiona ndi maso ako. Nthawi ya korona ija ndinamva kuchigayo kuti katemera amaumitsa chiberekero, ndipo ndinabwera nazo kunyumba zikadali zotentha. Ndinakuletsa kubayitsa, ndinalumbira kuti ukayerekeza usanditchulenso mayi. Abambo ako anapita kukabayitsa mozemba, anabwera mkono ukuwawa, usiku ananjenjemera pang'ono. Ine ndinayenda mudzi wonse kulengeza kuti, "Mwaona? Awabaya matenda!" Iwonso poona kuti ndikuwadera nkhawa anabuula mowonjezera mpaka ndinawaphera tambala. Kutacha anali kusikimu akuimba mluzu. Mpaka lero akafuna nkhuku amagwira mkono n'kunena kuti, "A Naphiri, kajakisoni kaja kayambanso." Anzako amene anabayitsa nthawi imeneyo, ena ali ndi ana kumsana, ena ana awo ayamba kale kuyenda. Ine ndinaona zonsezo, koma sindinabwere kwa iwe kudzanena kuti ndinanama. Ndikunena lero. Ndinatola bodza kuchigayo, ndinakusenzetsa.

Ndiye Lolemba ndinawafunsa a Nangondo mafunso onse amene ndikudziwa kuti iwe ungafunse, ndipo ndinafunsa mwamakani ngati iwe amene. Anandithirira tiyi wa mandimu, tinakhala pamkeka.

Ndinati, "Anesi, nanga si katemera yemweyo amapatsa munthu chimfinecho? Anthu amati akangobayitsa amagona."

Anati, "Mu jakisoni ameneyo mulibe kachilombo kamoyo, sangakupatse fuluwenza. Mkono umatha kuwawa, thupi limatha kufooka kapena kutentha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri. Pamenepo thupi likuphunzira kumenya nkhondo. Komanso katemerayu amatenga pafupifupi masabata awiri kuti akhazikike. Munthu akatenga kachilombo mubasi dzulo, lero n'kubayitsa, mawa n'kudwala, amati ndi jakisoni. N'chifukwa chake amafuna munthu abayitse chisanu chisanafike."

Ndinati, "Ndiye akabayitsa sadzayetsemulanso?"

Anaseka nati, "Iwe Naphiri, ukufuna katemera kapena chozizwitsa? Chimfine wamba cha mamina chidzamugwirabe, chimenecho chili ndi tizilombo take tambirimbiri. Ngakhale fuluwenza yeniyeniyo ena imawagwira atabayitsa, sindingakunamize. Koma mwayi woitenga umachepa, ndipo ikamugwira kawirikawiri simugwetsa mmene inakugwetsera iwe."

Ndinafunsanso chifukwa chimene amabayira chaka ndi chaka, ngati si njira yongovutitsira anthu. Anati kachilomboka kamasintha maonekedwe chaka chilichonse, ndipo chitetezo cha m'thupi nacho chimachepa pakapita miyezi, choncho katemera amamukonzanso kuti agwirizane ndi kamene kakuyenda nthawi imeneyo. Anawonjezera kuti uwauze a Lameki nawonso akabayitse. Ndikuwadziwa akamwini anga, adzagunda pachifuwa kuti iwo sadwala, amanyamula matumba a simenti awiriawiri. Anthu amphamvu nawonso fuluwenza imawagoneka, ndipo ena amayenda nayo osadwala kwenikweni n'kukaitula kunyumba kwa mkazi ndi khanda. Ukawauze mwaulemu, koma ukawauze kuti mawuwa achokera kwa apongozi awo.

Funso lomaliza ndinalisunga mpaka tiyi atazizira. Ndinati, "Nanga munthu ali ndi pakati? Sizingamupweteke mwana?"

A Nangondo anaika kapu pansi. Anati, "Woyembekezera ndiye amamuika kutsogolo kwa mzere, mwezi uliwonse wa pakati. Amateteza mayi, ndipo chitetezocho chimadutsa kukafika kwa mwana ali m'mimba. Khanda silingabayidwe katemera ameneyu mpaka litakwana miyezi isanu ndi umodzi, ndiye miyezi yoyambayo limadalira chimene mayi ake analipatsa. Wa Tiyamike adzabadwa chisanu chisanatheretu. Ngati ali ndi vuto lina m'thupi akawauze anesi a kumeneko asanamubaye, iwo akadziwa chochita." Kenako anati, "Kwathu kuno katemera ameneyu sapezeka m'zipatala za kumidzi. Ndikanakhala naye chaka chija, iwe n'kubwera kusikelo, ndikanakubaya ngakhale ukanathawira m'ngalande." Tinaseka tonse awiri, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Aka kanali koyamba kumulira Petulo pamaso pa munthu.

Tiyamike, kwathu kuno mwana wamkazi akatsala pang'ono kuchira, mayi ake ndi amene amanyamula mphika ndi nkhuni kukamudikirira kuchipatala. Ndi mayi amene amamuphikira phala, kumuthowa msana ndi madzi otentha, kusambitsa khanda koyamba. Ndakhala ndikudikira ntchito imeneyi kuchokera tsiku limene unandinong'oneza kukhitchini kuti mwezi wakudumpha. Tsopano idzagwiridwa ndi anthu amene sindikudziwa nkhope zawo, olankhula chinenero chimene sindimva. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, ndipo sindinamizira kuti ndazolowera. Mpunga wayamba kutulutsa ngala, pofika Juni ndidzamweta wopanda iwe. Ndidzasowa wondinyoza kuti ndikupeta ngati nkhalamba. Ndidzaphika tiyi wa anthu atatu mwachizolowezi, abambo ako n'kumwa makapu awiri. Foni ilipo, inde, koma pafoni sindingakugwire pachipumi kuti ndimve ngati ukutentha. Iwenso ndikukudziwa, udzandiyankha kuti "Ndili bwino amayi" ngakhale ukulephera kudzutsa mutu, chifukwa unatengera ine.

Lero m'mawa ndinawauza abambo ako kuti ndikulembera za Petulo. Dzina limeneli silinatchulidwepo m'nyumba muno kuchokera chaka chimenecho. Anaima pakhomo khasu lili paphewa, anayang'ana kumapiri nthawi yaitali, kenako anati, "Muuzeni. Bwenzi pano ali ndi ndevu, akumunyamulira chikwama mlongo wake." Atatero anatuluka, ndipo mpaka pano sanabwere kudzadya.

Ndiye pempho langa ndi ili, mwana wanga. Sabata yoyamba ukafika, usadikire kuti uzolowere misewu. Uwapemphe a Enelesi akuperekeze kusikelo. Akakutchulira katemera wa fuluwenza, usaseke, usanene mawu anga aja. Akaiwala kutchula, ufunse wekha. Upinde dzanja la juzi, upereke mkono, uyang'ane kumbali ngati ukuopa singano monga unkachitira uli mwana. Ukatero unditumizire chithunzi cha khadi la sikelo pafoni ya abambo ako, ndikawaonetse a Nangondo. Mkono ukawawa uwauze a Lameki akuphere nkhuku, njira imeneyo abambo ako anaitsegula kale. Chaka chamawa ukabayitsenso. Ndipo wina akadzabwera kudzaona khanda akutsokomola, ngakhale akhale wamkulu wotani, aonere pakhomo. Akakunena kuti ndiwe wamwano, uwauze kuti unatengera mayi ako, sakatsutsa.

Pansi pa kalatayi upeza kanthu kokulungidwa m'kansalu koyera. Ndi kachipewa kaja. Kakhala m'sutikesi yanga ya ukwati zaka zonsezi. Chaka chilichonse mpunga ukacha ndimakachapa n'kukayanika kuchipinda kuti anthu asandifunse. Iwe utabadwa sindinakuveke, ndinkaopa. Ena anganene kuti chovala chotere chili ndi tsoka, koma usawamvere. Petulo sanakavale, kanangodutsa pamutu pake kamphindi kochepa. Ndinakalukira mwana wokwana miyezi yake, ndipo mwana ameneyo kakumudikirabe.

Uyende bwino, Tiyamike. Mulungu akutsogolere pamsewu wautaliwo, akusungire iwe ndi amene wamunyamulayo. Ine ndizikhala pompano pakhonde, foni ili pamiyendo. Tsiku limene adzabadwe udzamuveke kachipewako, kenako udzandiimbire. Ndikufuna ndidzamve mawu ako akundidandaulira monga umachitira nthawi zonse, kuti, "Koma amayi inu, kachipewa kanu kaja n'kakang'ono, kakumuthina."

Ndine mayi ako wokukonda,

Naphiri